Mafunso Anu: Ngodya Zophunzirira m'Kalasi ya Mkombaphala

Makalata a mwezi uno achokera kwa aphunzitsi a ECD (makalasi a mkombaphala: ECD A ya ana ocheperapo, ECD B ya okonzekera Giredi 1) ndi makolo a kuno ku Harare, ndipo ambiri akufunsa za chinthu chimodzi: kugawa ana m'timagulu kuti aziphunzira malembo ndi masamu m'ngodya zosiyanasiyana za kalasi. Oyankha ndi alangizi a maphunziro a ana aang'ono a tsamba lino.

Ndili ndi ana 40 mu ECD B ndipo ndilibe wondithandiza. A hedi akufuna kuona ngodya zophunzirira zikugwira ntchito, koma ndikangowagawa anawo kalasi imasanduka msika. Kodi zimenezi n'zotheka kwa munthu mmodzi? — Mphunzitsi, Mabvuku

Aphunzitsi, n'zotheka, koma tivomereze kaye kuti katundu wanu ndi wa anthu awiri. Malamulo a boma a 2005 okhudza ECD amati mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 20. Poti anawo ali kale m'manja mwanu, tiyeni tione zoti muchite.

Cholinga chenicheni cha ngodya ndi choti inuyo mupeze mpata wokhala pansi ndi kagulu kamodzi, n'kumva mwana aliyense akutchula liwu la lembo kapena akuwerenga miyala payekha. Ngodya zinazo ntchito yake ndi kusunga ana otsalawo akuchita chinthu chaphindu popanda kukuitanani. Choncho lamulo loyamba ndi ili: chinthu chatsopano chimaphunzitsidwa pa tebulo lanu lokha. M'ngodya muziika zimene ana adazichitapo kale ndi inu kawiri kapena katatu. Chipwirikiti chambiri chimayamba pamene mwana wapeza ntchito yosaidziwa. Amadzuka kudzakufunsani, mnzake n'kumutsata, ndiye basi kalasi yonse yaimirira.

Gawani ana 40 aja m'magulu asanu a ana asanu ndi atatu. Malo akhalenso asanu: tebulo lanu, ngodya ziwiri za malembo ndi mabuku, ndi ziwiri za masamu. Ana asanu ndi atatu pa mphasa imodzi ndi ambiri, amalimbirana zipangizo, ndiye ngodya iliyonse muyalemo timphasa tiwiri kapena masaka awiri, pakhale ana anayi uku, anayi uku, mbali iliyonse ndi bokosi lakelake. M'miyezi ya June ndi July musawakhazike pa simenti yokhayokha. Mwana wozizidwa sakhazikika.

Musayese kuti gulu lililonse lizungulire malo onse asanu tsiku limodzi. Kusinthana kawiri patsiku n'kokwana. Mphindi ziwiri zokumbutsa, mphindi 12 pamalo oyamba, mphindi zitatu zolongedza ndi kusuntha, mphindi 12 pamalo achiwiri, kenako mphindi zinayi zolongedza komaliza. Zonse pamodzi ndi mphindi 33. Pa sabata mumakhala ndi mipata khumi ya tebulo lanu, kutanthauza kuti gulu lililonse mumakhala nalo kawiri. Kwa ana a ECD A chepetsani, zikhale mphindi zisanu ndi zitatu kapena khumi.

Chimene aphunzitsi ambiri amachidumpha ndi masabata ophunzitsa mwambo wa ngodya. Sabata yoyamba musagawe ana n'komwe. Tulutsani bokosi limodzi pamaso pa kalasi yonse, muonetse katsegulidwe kake, kagwiritsidwe ntchito ka zili m'katimo, ndi kabwezeredwe kake pa shelefu. Itanani ana awiri achite anzawo akuonerera. Kenako inuyo muchite molakwitsa dala, mwachitsanzo kukhuthulira zonse pansi, ana akukonzeni. Amasangalala nazo ndipo saiwala. Sabata yachiwiri tsegulani ngodya ziwiri, yachitatu zonse zinayi, koma inu mukadali chiimire, mukuzungulira. Tebulo lanu mulikhalire pa sabata yachinayi kapena yachisanu, ndipo ngati kalasi ikukuvutani dikiraninso sabata ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amathamangira kukhala pa tebulo sabata yachiwiri amapezeka akubwereza zonse pakati pa teremu.

Chizindikiro chosinthira chikhale chimodzi chaka chonse: kuwomba m'manja katatu ana n'kuyankha, kapena kanyimbo kakafupi kolongedzera. Chenjezani kutatsala mphindi imodzi. Magulu azizungulira mbali imodzi nthawi zonse, ndipo mutha kujambula mivi ndi choko pansi. Gulu lililonse likhale ndi chithunzi chake, kaya nsomba, kalulu kapena njovu, chomata pa pegi ya zovala. Pa khoma pakhale katoni yojambulapo malo asanu aja, ndipo mwana mmodzi azisuntha mapegiwo. Inu mukhale mutafulatira khoma, nkhope kuyang'ana kalasi yonse. Ngodya yaphokoso, monga ya dayisi, isayandikane ndi ya mabuku.

Pomaliza, valani chipewa kapena mpango wina wake mukakhala pa tebulo, ndipo ana adziwe kuti ukavalidwa umenewo mafunso amapita kwa mnzawo wa m'gulu. Kubwera kwa inu n'kololedwa pa zinthu zitatu zokha: wina wavulala, wina wadwala, kapena wina akufuna kuchimbudzi.

Sukulu yathu ilibe ndalama zogulira zidole ndi zipangizo za m'masitolo. Tiikemo chiyani m'ngodya za masamu? — Mphunzitsi, Epworth

Zambiri zofunika mungazitole kunyumba kwa makolo ndi kwa ogulitsa ku Mbare Musika. Yambani ndi mathireyi a mazira. Thireyi ya mazira 30 ili ndi mizere isanu ndi umodzi ya timaenje tisanu tisanu. Mukaidula mizere iwiri iwiri mumapeza tizidutswa titatu, kalikonse ka timaenje khumi. Mathireyi atatu akupatsani tizidutswa tisanu ndi tinayi, tokwana gulu lonse n'kutsalako kamodzi. Mwana amatenga khadi la nambala, n'kuika chivindikiro cha botolo chimodzi m'kaenje kalikonse, kuyambira mzere wapamwamba kumanzere, mpaka nambalayo itakwana. Kwa ana olankhula Chichewa kathireyi aka kamayenda bwino ndi mawerengedwe athu: mzere wapamwamba ukadzaza ndi zisanu, ziwiri za m'munsi zikupanga zisanu ndi ziwiri, ndipo mwana amaziona ndi maso monga momwe akuzitchulira.

Pa mwana aliyense muwerengere zivindikiro khumi ndi ziwiri, osati khumi ndendende. Zikakhala zongokwanira, mwana amangodzaza mpaka zitatha osawerenga. Ngodya ya ana asanu ndi atatu ifuna zivindikiro pafupifupi 100.

Ngodya yachiwiri ikhale ya kusanja ndi ndondomeko. Zivindikiro zomwezo zisanjidwe potengera mtundu. Timitengo tisanjidwe kuyambira kakafupi kufika kakatali. Pa kachidutswa ka katoni mujambule chiyambi cha ndondomeko, chofiira, chobiriwira, chofiira, chobiriwira, mwana apitirize. Akaizolowera imeneyo mupatseni ya ziwiri zofiira ndi chimodzi chobiriwira. Masewera a dayisi amakoma pa ana awiri awiri: wina aponya, awerenga madontho, atenga zivindikiro zochuluka chomwecho, ndipo woyamba kudzaza kathireyi kake wapambana. Dayisi mutha kusema kuchokera ku kachidutswa ka thabwa kapena siponji, ndipo kumayambiriro kwa chaka lembanipo madontho kuyambira limodzi mpaka atatu okha, nambala iliyonse pa mbali ziwiri. Tsiku lopanda mvula, ngodya imodzi itha kukhala pakhonde pomwe mukuonapo, ana akudumpha phada wolembedwa manambala.

Makadi a katoni muwakute ndi selotepi yoonekera mbali zonse kuti athe teremu. Bokosi lililonse mumatepo chithunzi cha zimene zimakhalamo, ndipo chithunzi chomwecho chikhale pa shelefu.

Samalani ndi nyemba ndi chimanga. Ana amaziika m'mphuno ndi m'makutu, ndipo nyemba ikanyowa imafufuma. Zikachitika musazitokose ndi kamtengo kapena pini, pitani naye kuchipatala. Kwa ana a ECD A amene amaikabe zinthu m'kamwa, yesani ndi kachubu ka katoni ka m'kati mwa pepala la kuchimbudzi: chilichonse cholowa m'menemo n'chaching'ono kwa iwo. Apatseni zitsononkho zodula pakati kapena zivindikiro zikuluzikulu za mabotolo a chiponde. Zivindikiro zonse muzizitsuka ndi sopo Lachisanu lililonse n'kuziyanika padzuwa. Mzinda uno udaona kolera ya 2018 yomwe idayambira ku Glen View ndi Budiriro, ndiye zinthu zogwiridwa ndi ana makumi anayi tsiku lililonse sizofunika kuzichitira ulesi.

Mwana wina amawerenga mpaka 20 bwinobwino, koma ndikamupatsa miyala isanu ndi umodzi amati ndi isanu ndi inayi. Chavuta n'chiyani? — Mphunzitsi, Mufakose

Mwanayo waloweza nyimbo ya manambala, koma pakamwa pakuthamanga kuposa chala. Kuwerenga zinthu kumafuna maluso angapo nthawi imodzi: kutchula manambala m'ndondomeko yake, kupereka nambala imodzi kwa chinthu chimodzi osabwereza kapena kudumpha, ndiponso kudziwa kuti nambala yomaliza kutchulidwa ndiyo kuchuluka kwa zonse. Wanuyo ali ndi loyamba lokha.

Mukhale naye pa tebulo lanu, musamusiye pa ngodya ndi vuto limeneli chifukwa angolikhwimitsa. Yambani ndi miyala itatu yokha, yoikidwa pa mzere motalikirana. Asangoiloza, aziikankha umodzi umodzi kuchoka kumanzere kupita m'mbale, nambala n'kutuluka pamene mwala wagwera m'mbalemo. Akamaliza phimbani mbaleyo ndi dzanja, mufunse kuti, "Muli ingati?" Akayankha kuti itatu, wamvetsa. Akafuna kuvundukula kuti ayambirenso kuwerenga, ndiye kuti sanagwire zoti nambala yomaliza ili ndi tanthauzo, nenani inuyo, "Umodzi, iwiri, itatu. Yonse ndi itatu," mukuzunguliza chala pa mbale yonse. Akakhoza itatu masiku angapo otsatizana onjezani umodzi.

Kayezedwe kena kabwino ndi kumupatsa mulu wa miyala n'kunena kuti, "Ndipatse inayi." Ana ambiri oimba mpaka 20 amangotapa dzanja lodzaza. Mwana amene amawerenga inayi n'kuima ndiye wakonzeka kukagwira ntchito ya kathireyi payekha. Muziwaonetsanso makadi a madontho awiri, atatu kapena anayi kwa kamphindi n'kubisa, kuti azolowere kuzindikira tizinthu tochepa ndi diso lokha.

Kunyumba ana ambiri a m'kalasi mwanga amalankhula Chichewa, panja amasewera m'Chishona, ndipo makolo akufuna Chingerezi. Ngodya ya malembo ndiiyendetse m'chinenero chiti? — Mphunzitsi, Tafara

Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza zinenero 16, ndipo Chichewa chili m'gulumo. Lamulo la maphunziro lomwe lidakonzedwanso mu 2020 limati pa msinkhu wa ECD ana aziphunzitsidwa m'chinenero cha makolo awo. Choncho mukamalankhula ndi mwana m'Chichewa kuti amvetse simukulakwira lamulo lililonse.

Mwayi wanu ndi woti Chichewa ndi Chishona zimalembedwa mofanana kwambiri. Zonse zili ndi malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u, omveka chimodzimodzi, ndipo maphatikizo ake amathera pa lembo la liwu. Mwana amene wadziwa kuti m ndi o zimapanga mo wadziwa zimenezo m'zinenero zonse ziwiri. Yambani ndi malembo asanu aja, kenako m, t, n, k ndi s, ndipo posankha mawu oyamba tengani opezeka uku ndi uku, monga moto, seka, tuma ndi ona. Zosiyanazo zibwere pambuyo, ndipo muzizinena poyera: Chishona cholembedwa chilibe l, ndiye mwana wonena kuti mvula ndi lima kunyumba adzapeza mvura ndi rima m'buku. Sanalakwe, muuzeni kuti kunyumba timati chakuti, m'buku ili alemba chakuti. Chimodzimodzinso ph, th ndi kh za m'mawu ngati phala, thumba ndi khasu sadzazipeza m'buku la Chishona.

Chosokoneza kwenikweni ndi nyimbo ya alifabeti ya Chingerezi, chifukwa imaphunzitsa mayina a malembo, ndipo dzina la lembo a m'Chingerezi limamveka ngati e wathu. Pa tebulo lanu phunzitsani liwu, osati dzina, ndipo nthawi imodzi ikhale ya chinenero chimodzi. Chingerezi cha msinkhu uwu chilowe kudzera m'nyimbo, nthano ndi kulankhula, osati kuphatikiza malembo.

Zoika m'ngodya ndi izi. Thireyi kapena chivindikiro cha katoni chokhala ndi mchenga wosefa wongokwana kuphimba pansi; ukachuluka lembo silioneka. Pambali pake makadi atatu okha a malembo ophunzitsidwa kale, lililonse ndi kadontho kosonyeza poyambira. Malembo okhakhala, amene Maria Montessori, katswiri wa maphunziro a ana wa ku Italy, ankagwiritsa ntchito m'sukulu yomwe adatsegula ku Rome mu 1907, mutha kuwapanga polemba lembo ndi guluu pa katoni n'kuwaza mchenga. Mwana amatsata ndi zala ziwiri akutchula liwu. Dongo loumbira malembo limapezeka, koma ngati mukufuna losadetsa, sakanizani makapu awiri a fulawa, kapu imodzi ya mchere, masipuni awiri a mafuta ophikira ndi madzi osapitirira kapu imodzi, othira pang'onopang'ono mukukanda. Likamamatira m'manja onjezani fulawa. Musunge m'chigubu chotseka bwino. Ntchito ina imene ana saitopa nayo ndi ya dzina lawo: khadi la dzina lathunthu, ndi lina lodulidwa lembo lililonse palokha m'kamvulopu, mwana azilumikiza poyang'ana lathunthulo.

Ngodya ya mabuku isakhale ndi mabuku ochuluka. Khumi kapena khumi ndi awiri ndi okwana ana asanu ndi atatu, ndipo akhale amene mudawawerengera kale, kuti azitha kufotokozerana nkhaniyo potsata zithunzi. Mabuku a Chichewa a ana ndi osowa kuno, ndiye pangani anu: mapepala anayi opinda pakati, chithunzi chimodzi ndi mawu amodzi kapena awiri pa tsamba. Agogo a anawo ali ndi nthano zokwana chaka chonse.

Kodi ana ochenjera ndiwaike gulu lawolawo? — Mphunzitsi, Dzivarasekwa

M'ngodya ayi, asakanizeni, kuti gulu lililonse likhale ndi mwana mmodzi kapena awiri otha kukumbutsa anzawo zochita. Gulu la ana ovutika okhaokha limaima, ndipo ana amadziwa msanga kuti gulu lakuti ndi la otsalira ngakhale mulitche dzina lokongola. Pa tebulo lanu ndi pomwe mungasiyanitse ntchito: anayi awa akuwerenga mpaka zitatu, anayi awa mpaka khumi. Lachisanu lokha mutha kuimitsa kuzungulira kuja n'kuitana ana asanu kapena asanu ndi mmodzi amene akufuna chinthu chofanana. Khalani ndi pepala la mayina onse, mizere yake ikhale ya maluso monga maliwu amene akuwadziwa ndi pomwe amafika powerenga zinthu, muzichonga pomwepo ndi deti. Magulu muziwaunikanso pakatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi.

Ana ena amamaliza ntchito ya pa ngodya m'mphindi zitatu n'kuyamba kusokoneza anzawo. — Mphunzitsi, Highfield

Ndiye kuti ntchitoyo ili ndi mathero. Pepala lopaka utoto limatha, koma dayisi imaponyedwanso, mchenga umafafanizidwa n'kulembanso. Sankhani ntchito zobwerezeka, ndipo m'bokosi lililonse muikemo makadi a milingo iwiri, osavuta ndi ovutirapo. Musasinthe mabokosi onse Lolemba lililonse; sinthani limodzi, ena mungosinthamo malembo kapena manambala. Ngati ndi mwana mmodzi yemweyo tsiku ndi tsiku, yang'anani ngati ntchitoyo yamuchepera kapena yamukulira, pakuti zonse ziwiri zimaoneka ngati mwano. Mukhazikeni pafupi ndi tebulo lanu kwa masiku angapo ndi bokosi lakelake. Kumenya n'koletsedwa m'masukulu ndi lamulo la 2020 lija, ndiponso sikuphunzitsa mwana chochita akamaliza.

Mdzukulu wanga ali mu ECD B. Ndikamufunsa amati tinasewera ndi mchenga ndi zivindikiro. Kope lake lili mbee. Kodi fizi tikulipirayi ikupita kuti? — Agogo aakazi, Mbare

Agogo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo muli ndi ufulu wofunsa aphunzitsi zimene mwanayo akuphunzira. Koma kope lodzaza si umboni wabwino pa msinkhu uwu. Mwana wa zaka zisanu atha kukopera tsamba lonse la manambala osadziwa kuti 4 ndi zinthu zingati, ndipo zala zake sizinalimbe kwenikweni. Kuumba dongo, kupana mapegi ndi kulemba mumchenga ndi zimene zimazikonzekeretsa kugwira pensulo mu Giredi 1.

Muyeseni nokha kunyumba. Muuzeni akupatseni masipuni anayi, muone ngati aima pa anayi. Ikani matimati atatu m'mbale imodzi ndi asanu m'mbale ina, mufunse kuti ambiri ali kuti. Mufunseni kuti mawu oti moto akuyamba ndi liwu lanji, ndipo atchule china choyamba chimodzimodzi. Lembani mayina atatu pa pepala, aloze lake. Mupatseni buku muone ngati aligwira choongoka n'kutsegula kuyambira kutsogolo. Akamachita zambiri mwa izi chaka chikamapita kumapeto, mchenga ndi zivindikiro zija zikugwira ntchito yake. Ngati pofika teremu yachitatu palibe chimene akukhoza, pitani mukakhale pansi ndi aphunzitsi, muwapemphe akuonetseni pepala limene amalembapo za mwana aliyense, ndipo mupite naye kuchipatala akamuone maso ndi makutu, chifukwa mwana wosamva bwino amavutika kusiyanitsa maliwu ngakhale aphunzitsi atayesetsa chotani.

Mukafuna kuthandiza kalasiyo, sungani mathireyi a mazira, makatoni ndi zivindikiro zotsuka, ndipo funsani aphunzitsi ngati mungabwere m'mawa umodzi pa sabata kudzakhala pa ngodya ya mabuku n'kuwasimbira ana nthano m'Chichewa. M'kalasi ya ana 40, munthu wamkulu wachiwiri kwa theka la ola amapatsa aphunzitsi mpata womaliza phunziro la pa tebulo osadzukadzuka.